Mphindi Zitatu za Ozell Burdine

Atate anakwera sitima ya ku Memphis
chaka chimene thonje linayamba kugwa mtengo,
gitala ali m'thumba la ufa,
khosi la botolo lili m'jekete,
lokulungidwa m'kansalu ka amayi.

Chipinda chinali cha hotela, nsanjika yachitatu.
M'mazenera anapachikamo mabulangete
kuti phokoso la mumsewu lisalowe m'nyimbo.
Unali mwezi wa Ogasiti, thukuta lili kamukamu,
phula lojambulirapo akulisunga pa ayezi
ngati nsomba.

Mzungu wa magalasi, bambo Hostetler, anati:
nyale yofiira ikayaka, yamba,
ikaphethira, maliza. Mphindi zitatu basi.
Atate, amene kwathu ku Tchula ankakoka nyimbo imodzi
kuyambira poyatsa nyale mpaka tambala woyamba,
anafunsa: nanga zotsalazo ndikaziika kuti?
Palibe anayankha.

Anawavula nsapato
poti phazi lawo linkadumphitsa singano,
nawaikira pilo pansi.
Ukatchera khutu pa mbale yachiwiri
umachimvabe kuseri kwa kulira kwa zingwe,
chidendene chikugunda, di, di, di,
ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda china.

Nyimbo zisanu ndi imodzi, madola khumi iliyonse,
ndi kapu ya wisiki yotsegulira kukhosi.
Anasaina ndi mtanda.
Dzina lawo pa mbale analiphonya chilembo,
nyimbo ina anaigulitsa m'dzina la m'busa
amene sanabadwepo.

Kenako kampani inatseka zitseko.
Kalata yowaitananso sinabwere,
ngakhale ankapita ku positi Loweruka lililonse
mpaka kalaliki anasiya kukweza mutu.
Gitala anapita kwa wapinyolo
chaka chimene ine ndinadwala chibayo.
Zaka makumi atatu ndi zinayi:
kumbuyo kwa bulu, kenako pa thirakitala ya eni munda.
Kutchalitchi ankakhala benchi lomaliza
n'kumaimba besi, motsitsa.

Tsiku lina anyamata awiri a ku Boston,
ndevu zosapesa, galimoto ili mbuu ndi fumbi,
anaima pabwalo atanyamula mbale ija ngati dzira.
Anaiika pakhonde, singano inatsika,
kunamveka ngati mvula padenga la malata,
mkati mwa mvulayo mnyamata akufuula.
Atate anamvetsera mpaka pothera, nati:
kodi ameneyu akuthamangira kuti?

Anyamatawo anali ataiphunzira yonse,
ndi liwiro lake lomwe, ndi pamene chala chinaterereka.
Ndinaona mwana wa zaka makumi awiri
akugwira dzanja la atate
kuwaonetsa poika chala
pa nyimbo yawo yomwe.

Ku New York anawapatsa gitala wonyezimira,
mpando wofewa, madzi m'tambula.
Kuno kulibe phula, anatero, ndi tepi,
imbani mpaka mutatopa, bambo Burdine.
Nsapato sanawavule.
Koma nyamakazi inali itapinda zala zitatu,
ndipo atate anaimba mphindi zitatu
n'kukhala chete,
maso akufunafuna nyale pakhoma.

Mbale yachikulire ija anthu amati ndi yozama.
Atate ankati ndi ya nkhalamba ikutsanzira mwana wamantha.
Ndalama zake zinagula firiji
ndi theka la mwala wa pamanda pawo.

Alendo amabwerabe ndi timabuku,
amafunsa masiku, manambala a mbale,
mtundu wa zingwe, dzina la hotela.
Ndimawauza zimene ndikudziwa.
Safunsa za zotsala zija,

zimene atate ankang'ung'udza pokonza msampha wa makoswe,
posenda mapichesi ndi kampeni kawo kothothoka nsonga,
usiku wonse wa chibayo changa
atandisenza paphewa, akuyenda uku ndi uku,
phazi likugunda matabwa
popanda wowaikira pilo.